Yankho kwa bambo wa ku Area 25 amene akuti magemu amakono awasiya m'mbuyo

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Area 25 wazaka za m'ma 40. Akuti ali mnyamata ankakonda makina a magemu oponyamo ndalama yachitsulo, makamaka Street Fighter II ndi Mortal Kombat, koma masiku ano akagwira padi ya PlayStation ya mwana wawo zala zimangouma, mwanayo n'kuwagonjetsa uku akuyankha foni. Akufunsa ngati ndi ukalamba kapena magemuwo ndiwo asintha.

Achikulire, zala zanu zilibe mlandu waukulu. Makina aja ankapangidwa kuti azidya ndalama, ndipo mwini wake ankapindula pokhapokha munthu akasewera mphindi zochepa, n'kugonja, n'kuponyanso ndalama ina kapena kusiyira mnzake. N'chifukwa chake gemu inkayenera kumveka pompopompo koma n'kuyamba kuvuta msanga. Pac-Man, amene kampani ya Namco inatulutsa mu 1980, ankaseweredwa ndi kandodo kamodzi basi, popanda batani lomenyera. Mu Space Invaders wa Taito wa 1978, adani akamachepa otsalawo ankathamanga kwambiri chifukwa makinawo ankapepukidwa ntchito yowajambula, ndipo Tomohiro Nishikado amene anapanga gemuyo anazisiya dala choncho. Ngakhale Street Fighter II wa Capcom, amene anabwera mu 1991 ndi mabatani 6, raundi yake inkatha wotchi yowerenga chotsika kuchokera pa 99 isanafike patali.

Gemu yamakono imagulidwa kamodzi, choncho kampani imafuna kuti munthu akhalepo maola ambirimbiri, aphunzire mapu, asunge pamene wafika, kenako agule zoonjezera. Koma chimene chimasokoneza kwambiri anthu amsinkhu wanu, m'kuona kwanga, ndi timitengo tiwiri ta padi, timene tinafala Sony itatulutsa padi ya DualShock mu 1997. Chala chachikulu chakumanzere chimayendetsa munthu, chakumanja chimatembenuza kamera, zonse nthawi imodzi. Mwana wanu anazolowera zimenezi asanadziwe n'kulemba komwe, pomwe inu munakula ndi magemu amene bwalo lonse linkaonekera pa sikirini imodzi. Mukamangozungulira mutayang'ana khoma mdani akukuwomberani kumsana, vuto ndi lusoli, limene limaphunzirika ngati mmene munthu amaphunzirira galimoto atakula kale. Za bandulo imene imathera kukopera zosintha gemu isanayambe, imeneyo ndi nkhani ina yowawa.

Komabe ndikuganiza kuti chimene mukusowa kwenikweni ndi anthu aja ankaunjikana kumbuyo kwanu. Pa makina paja wopambana ankakhalabe, wogonja n'kudzuka anzake akumuseka, ndipo amene watha ndalama ankaonerera kuti abe njira za akatswiri. Kusewera pa intaneti ndi munthu amene simukumuona nkhope sikupereka zimenezo. Chikhalidwechi sichinafe kuno ku Lilongwe. Lowani m'tizipinda ta magemu ku Kawale kapena ku Chinsapo madzulo magetsi alipo, mudzapeza anyamata atapanikizana pa benchi, wina atagwira padi yomangidwa ndi selotepi, akulipira pa masewero amodzi a mpira. Gemuyo inasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, koma aliyense pamenepo amangoti FIFA.

Ngati mukufuna kubwereramo, musayambe ndi magemu ankhondo amene mwana wanu amakonda. Capcom inasonkhanitsa magemu akale a Street Fighter mu Street Fighter 30th Anniversary Collection mu 2018, ndipo amasewereka pa PlayStation 4. Palinso pulogalamu ya pakompyuta yotchedwa MAME, imene inayamba mu 1997 pofuna kusunga magemu a makina akale, ngakhale kuti magemuwo ali ndi eni ake ndipo si onse amene amaperekedwa mwaulere. Street Fighter 6 wa 2023 ali ndi njira yosavuta ya ongoyamba kumene, komanso njira yakale ya mabatani 6, ndipo mmenemo Ryu, mmodzi wa omenyana a m'gemuyo, amaponyabe moto wake ndi kayendetsedwe komwe kaja: pansi, pansi chakutsogolo, kutsogolo, kenako chibakera. Muitaneni mnyamatayo pa gemu imeneyo Loweruka, ndipo mugwirizane kuti wogonja ndiye adzuke. Ine ndikuona kuti masabata oyamba adzakhala akudzuka ndi iyeyo.