Andikaniza firiji ya ngongole, ati dzina langa lili pa blacklist

Achimwene,

Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Mangochi koma ndili ku Cape Town chaka chachisanu ndi chiwiri tsopano. Ndimagwira ntchito ya m'nyumba ndipo mapepala anga ndi olongosoka. Mwezi watha ndinapita kusitolo ina kukatenga firiji yoti ndizilipira pang'onopang'ono. Mtsikana wa pakauntala atalowetsa nambala ya pasipoti yanga m'kompyuta anangopukusa mutu, ati sizitheka, dzina langa lili pa blacklist. Ine ngongole yomwe ndikuidziwa ndi ya zovala za ana, ndipo ndinamaliza kubweza chaka chatha. Ndinatuluka mwamanyazi ngati ndaba. Pano pagulu lathu la WhatsApp pali bambo wina akuti ndimupatse R1,500 andifufutire dzinalo. Ndimupatse?

Wodandaula, Cape Town

Achemwali,

Ndalamayo isungeni, idzathandiza pogula firiji yomweyo. Ngati pa dzina lanu palembedwa zabodza, mungathe kuzichotsetsa nokha osalipira ngakhale randi imodzi. Ngati palembedwa zoona, bamboyo nayenso sangazichotse, adzangodya ndalama zanu n'kuthimitsa foni.

Mawu akuti blacklist ndi amene akukusowetsani tulo, ndiye ndiyambe ndi amenewo. Kulibe buku la anthu oipa lomwe lili mu ofesi ina yake. Chomwe chilipo ndi makampani otchedwa credit bureau, monga TransUnion, Experian ndi XDS, omwe ntchito yawo ndi kusunga mbiri ya mmene munthu amabwezera ngongole. Aliyense amene anatengapo ngongole kubanki, akaunti ya zovala kusitolo kapena foni ya kontrakiti ali ndi faelo kumeneko, wobweza bwino ndi wozembazemba yemwe. Mtsikana uja anangoona kuti kompyuta yakana. N'kutheka kuti chifukwa chenicheni nayenso sachidziwa.

Choyamba bwererani kusitolo komweko, manyaziwo muwasiye pakhomo. Lamulo la ngongole la ku South Africa, National Credit Act la 2005, limati amene wakukanizani ngongole akuuzeni chifukwa chake polemba mukafunsa, ndipo ngati chifukwacho ndi lipoti la ku bureau, akupatseninso dzina la bureau imeneyo. Safunsa anadya phula. Lamulo lomweli limakupatsani ufulu woona lipoti lanu kwaulere kamodzi pa miyezi 12 iliyonse, ndipo ndi ku bureau iliyonse payokha. Tengani onse, chifukwa zomwe zili kwa uyu sizifanana nthawi zonse ndi zomwe zili kwa uyo. Mungapemphe pa intaneti. Vuto lathu ife a mapasipoti ndi loti masamba ena amafuna nambala ya ID ya kumeneko ya manambala 13, ndiye likakukanani musagwe ulesi, imbani foni kapena tumizani imelo, mukhale ndi chithunzi cha pasipoti ndi pepala losonyeza komwe mukukhala. Kudzionera wekha lipoti sikutsitsa mapointi ako, omwe bureau imakupatsa poona mmene umabwezera ngongole, musaope zimenezo.

Ine zinandionekera ndili ku Johannesburg. Ndinagula bedi ndi matiresi pangongole, ndinabweza mpaka khobidi lomaliza, ndinaiwalako. Patapita nthawi banki inandikaniza ngongole yaing'ono, ndipo nditatenga lipoti ndinapeza bedi lija likadali pomwepo, ati ndatsala ndi miyezi itatu. Ndinathamangira kuchitini cha mabisiketi momwe ndimasunga mapepala. Malisiti analimo ndithu, koma aja a pamakina aja, inki yonse itauluka, atangotsala mapepala oyera ngati sanalembedwepo. Chinandipulumutsa ndi sitetimenti ya kubanki, poti miyezi yomalizayo ndinkalipira ndi khadi. Kuyambira pamenepo lisiti lililonse ndimalijambula pafoni ndisanatuluke m'sitolo, ndipo ndikamaliza ngongole sindichoka osatenga kalata yotsimikiza kuti ndamaliza, yomwe kumeneko amati paid-up letter. Inuyo kalata imeneyi ya zovala za ana zija muli nayo? Ngati mulibe, kaitengeni sabata ino.

Lipoti likafika musathamangire kuona mapointi. Khalani pansi ndi cholembera, muyambe pamwamba penipeni: dzina, tsiku lobadwa, nambala ya pasipoti, maadiresi, manambala a foni, kuntchito. Apa ndi pomwe Amalawi timapunthwa kawirikawiri. A Banda ndi a Phiri tachuluka, mayina athu amalembedwa mokhotakhota ndi anthu osawazolowera, ndiponso ukasintha pasipoti nambala imasintha. Zaka zomwe mwakhala kumeneko n'kutheka kuti munasinthapo. Akaunti yotsegulidwa ndi pasipoti yakale ikhoza kumaoneka mosiyana ndi zomwe zili pa yatsopano, ndiye auzeni manambala onse awiri. Mukaona adiresi ya ku Durban inu simunapondeko, lembani mzere pansi pake.

Kenako maakaunti. Iliyonse muifunse mafunso atatu: kodi ndi yanga, ndalama yotsala ndi yoona, ndipo miyezi yomwe akuti ndinachedwa ndinachedwadi? Pamakhala mndandanda wosonyeza mwezi ndi mwezi mmene munkalipirira, ndipo mbiri imeneyi imasungidwa mpaka zaka 5. Ngati munachedwadi miyezi iwiri nthawi ija ya mavuto, zimenezo zikhala, palibe wozichotsa. Koma chidindo chonena kuti munalephera kubweza, kapena chigamulo cha khoti, chiyenera kuchoka mukamaliza kulipira. Wokongozayo ali ndi masiku 7 oti adziwitse ma bureau, iwonso ali ndi masiku 7 oti achotse. Mtima wanga ukundiuza kuti nkhani yanu yagona apa: munalipira, koma wina sanatumize uthenga. Kumbukiraninso ngati anakuchenjezani, chifukwa wokongoza ayenera kukudziwitsani masiku 20 ogwira ntchito asanakaipitse dzina lanu ku bureau.

Pali gawo lina laling'ono lomwe ambiri amalidumpha, losonyeza makampani omwe afufuzapo dzina lanu. Mukapezapo sitolo kapena kampani ya mafoni yomwe simunalowemo, ndiye kuti pali wina akuyenda ndi dzina lanu. Zikatero pitani kupolisi mukalembetse chikalata cholumbira chomwe amati affidavit, dziwitsani kampaniyo, ndipo kalembetseni ku Southern African Fraud Prevention Service, komwe amaika chenjezo pa dzina lanu kwaulere kuti wofuna kukongola m'dzina lanu azifunsidwa mafunso ambiri. Paja ena timapereka fotokope ya pasipoti kwa aliyense wolonjeza ntchito. Bambo wa pa WhatsApp uja nayenso chinthu choyamba chomwe akupempheni ndi chimenecho.

Mukapeza cholakwa, kadandauleni ku bureau yomwe yalemba, polemba osati pakamwa pokha, mutumize ndi umboni wanu. Akupatsani nambala ya dandaulo. Nambala imeneyo ilembeni pawiri, pafoni ndi m'kope, chifukwa popanda iyo mudzangozungulira. Kuchokera tsikulo ali ndi masiku 20 ogwira ntchito, pafupifupi mwezi wathunthu, kuti afunse wokongozayo. Akapeza umboni wogwira mtima akupatsani kuti muuone. Akaupanda, ayenera kufufuta. Kulipira kulibe. Cholakwa chomwecho chikakhala kwa ma bureau awiri, dandaulani konse kuwiri, musaganize kuti auzana okha. Masikuwo akatha muli chiyembekezere, kapena yankho lawo simukugwirizana nalo, nkhaniyo itengereni ku National Credit Regulator, bungwe la boma loyang'anira za ngongole, kapena ku National Financial Ombud Scheme, bungwe lomwe kuyambira mu 2024 linatenga ntchito ya ofesi yakale ya Credit Ombud. Kumenekonso salipiritsa.

Chenjezo limodzi pa ngongole zakalekale. Kumeneko ngongole zambiri za m'masitolo zimafa zikatha zaka 3 popanda inu kulipirako, popanda kuvomera kuti ndi yanu, komanso popanda samani ya kukhoti, ndipo lamulo limaletsa kutolera ngongole yakufa yotere. Ngongole ya nyumba ndi chigamulo cha khoti sizili m'gulu limeneli. N'chifukwa chake otolera ngongole amakonda kuimba mokoma kuti mungoponyako R50 yokha: mukaponya zaka zitatuzo zisanakwane, kuwerenga kumayambiranso. Sindikuti muzithawa ngongole zanu, ayi. Ndikuti wina akakuimbirani za ngongole yomwe simukuikumbukira, muuzeni atumize mapepala kaye musanavomere kanthu pafoni.

Owerenga a kumudzi musati izi n'za ku Joni zokha. Ku Malawi nakonso kuli lamulo la ma credit bureau la 2010, ndipo makampani ake, Credit Data CRB ndi TransUnion, amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi. Mabanki akamazengereza ndi ngongole yanu, kafunseni zomwe zalembedwa pa dzina lanu.

Za firijiyo, achemwali, pirirani mwezi umodzi. Musayendeyende m'masitolo kuyesa mwayi, chifukwa sitolo iliyonse ikafufuza dzina lanu zimalembedwa, ndipo zikachuluka mumaoneka ngati munthu wosimidwa. Bureau ikakuuzani kuti yakonza, pemphani lipoti latsopano muone ndi maso anu, kenako mulitenge pamodzi ndi kalata ija popita kwa mtsikana wa pakauntala uja.