Musadikire kuti ng'ombe yotupa mimba iphwise

Bambo, chonde musamvere amene akukuuzani m'gulu muno kuti ng'ombe yanu yotupa mimbayo iphwisa yokha n'kukhala bwino. Mawu amenewo ndi amene anandiphetsera ng'ombe yanga ya mkaka, ndipo nditawawerenganso pano mtima wanga wawawa ngati zachitika dzulo.

Ng'ombe imaphwisa ndithu, koma pang'ono chabe. Mpweya wambiri umapangika m'chifu chachikulu, chimene ndi choyamba mwa zigawo 4 za mimba yake ndipo chimakhala kumanzere. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timasasitsa udzu, moti pa ola limodzi ng'ombe yaikulu imatha kupanga malita 30 mpaka 50 a mpweya, makamaka wa carbon dioxide ndi methane. Mpweyawu sudutsa m'matumbo. Umabwerera kukhosi, ng'ombe n'kumageya mwakachetechete pafupifupi mphindi iliyonse, ndipo ngakhale methane amene amatchulidwa pa nkhani za kusintha kwa nyengo uja, magawo oposa 90 pa 100 alionse amatulukira kukamwa. Ng'ombe ikasiya kugeya, kuphwisa sikungaipulumutse.

Yanga ndinaitulutsa m'mawa ili ndi njala, mvula itagwa usiku, n'kuilowetsa m'munda wa msipu wanthete wotchedwa lucerne umene unali udakali ndi mame. Inadya mwaphuma ndipo ine ndinakondwera, poganiza kuti mkaka uchuluka. Pasanathe maola awiri ndinaipeza itaima payokha, itatambasula khosi. Pamalo pamene pamakhala pokumbika paja, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno kumanzere, panali patafufuma mpaka kupitirira msana, ndipo nditagogoda ndi chala panalira ngati ng'oma. Inkadzimenya m'mimba ndi mwendo wakumbuyo, kugona n'kudzukanso, kukodza pang'onopang'ono pafupipafupi, malovu akuyenderera pansi ngati ulusi.

Ndinathamangira munthu wina amene ankadzitcha katswiri wa ziweto, ndipo ndinali kumukhulupirira kwambiri. Iye anafika, anaimenya pamimba ndi chikhatho, anaseka, nati yangokhuta, ndiithamangitse kuzungulira khola ndipo ikaphwisa kawiri katatu ndidzachita kumuthokoza. Nditanena zoitana dokotala wa ziweto, anandiyankha kuti ndingotaya ndalama pa nkhani ya mpweya. Ndinathamangitsa ng'ombe imene inkalephera kupuma, ineyo ndi manja anga, ndipo chimenechi chimandipweteka kuposa china chilichonse. Ataona kuti palibe chikusintha, anatunga madzi m'botolo, anaikoka lilime, anaikweza mutu n'kuwakhuthula onse nthawi imodzi. Ng'ombe inatsokomola koopsa, madzi ena akutulukira m'mphuno. Kenaka inayamba kupumira kukamwa, lilime lili panja, nkhama zake zitasanduka zakuda, miyendo ikunjenjemera. Inagwada ndi miyendo yakutsogolo, inayesa kudzuka kamodzi, n'kugwera chammbali. Ndinagwira mutu wake ndili chogwada m'matope, diso lake lili tong'o kundiyang'ana, thole lake likulira kuseri kwa mpanda. Pamene ndinkaimba foni kwa dokotala n'kuti nthawi itatha kale, ndipo nditacheuka ndinapeza munthu uja atachoka osatsanzika. Mpaka lero amauza anthu kuti ng'ombe yanga inadya poizoni, ndipo akupitirizabe kulangiza ena molimba mtima pa zinthu zimene sanaziphunzirepo.

Dokotala atafika anaitumbula, ndipo m'chifu munatuluka thovu lobiriwira lokhalokha, lonanda. Anandifotokozera kuti msipu wanthete wa mtundu wa nyemba, monga lucerne ndi clover, umagayika mofulumira n'kupanga thovu limene limatsekera mpweya m'timathovu ting'onoting'ono. Khomo la kummero silitseguka likakhudzidwa ndi thovu, choncho ng'ombe imalephera kugeya, chifu chimafufumabe mpaka kupanikiza mapapo ndi mitsempha ikuluikulu ya magazi, ndipo imafa chifukwa chobanika. Anandionetsa chitsulo chosongoka chokhala m'kapaipi, chimene amaboolera pamalo ofufumapo, nandiuza kuti pa mphindi zomalizazo ngakhale mpeni woyera ukanatha kuipulumutsa. Mpeni ndinali nawo m'thumba nthawi yonseyo.

Ndikuganiza kuti amene akukulangizani kudikirawa akusokoneza ng'ombe ndi hatchi. Hatchi ndi bulu zili ndi chifu chimodzi chaching'ono, udzu umasasira m'matumbo akuluakulu chakumapeto, ndipo nyamazi sizitha kusanza, motero mpweya wake umatulukira kumbuyo. Hatchi imene ikumva kupotokola m'mimba ikaphwisa, mwini wake amapumako. Kalulu nayenso satha kusanza, ndipo mpweya ukamudzadza m'matumbo amasiya kudya n'kufa msanga. Mbuzi ndi nkhosa zili m'gulu la ng'ombe, zimabzikula ndi kugeya.  

Imbirani dokotala wa ziweto panopa, musanachite china chilichonse. Mukumudikira, ichotseni pamsipu, musaithamangitse, ndipo iimikeni pamalo oti miyendo yakutsogolo ikhale pamwamba kuposa yakumbuyo. Mangani kamtengo mopingasa m'kamwa mwake kuti izitafuna, chifukwa malovu amathandiza kuphwetsa thovu. Papasani khosi kumanzere, popeza nthawi zina chimene chatseka mpweya ndi mbatata kapena chipatso chimene chakakamira kummero, ndipo zikatero musaimwetse kanthu. Ngati kummero kulibe chotchinga ndipo ikutha kumeza, ipatseni mafuta ophikira okwana mamililita 250 mpaka 500, pang'onopang'ono, chammbali mwa kamwa, osaikoka lilime ndiponso osaikweza mutu kwambiri. Mafuta amaswa thovu, madzi saswa.

Za kuboola, musachite nokha ngati simunaonepo wodziwa akuchita, chifukwa mukaphonya malo zam'chifu zimatayikira m'kati mwa mimba, ng'ombe n'kufa patapita masiku angapo ndi matenda ena. Ndikunena zimenezi ndikudziwa kuti ine ndimanong'oneza bondo mpaka lero chifukwa chosatulutsa mpeni uja. Ikagwa pansi, nkhama zitada, dokotala ali kutali, muuzeni akutsogolereni pafoni, ndipo kumbukirani kuti ndi kumanzere kokha, pakati penipeni pa malo ofufumawo. Ikachira, muziyamba mwaipatsa udzu wouma m'mawa uliwonse, mame ayambe auma isanapite kumsipu wanthete, ndipo masiku oyamba izidyako kanthawi kochepa inu muli pomwepo. Tiuzeni m'gulu muno dokotala akangofika.