Amalume, za Israel ndi Palestine zija

Amalume, zikomo, funso lanu lija ndaliona pa gulu. Ndingoyankha ndi mawu, kulemba kungatalike. Mwafunsa kuti popeza mu Okutobala 2025 anagwirizana zoimitsa nkhondo ku Gaza, n'chifukwa chiyani atsogoleri a mbali ziwirizi sakungokhala pansi n'kugawana dziko, komanso amene akufuna kudzutsa zokambiranazo ayambire pati.

Eee, tisiyanitse kaye. Zimene anachita a Egypt, Qatar, Turkey ndi America kunali kuzimitsa moto basi: kubweza anthu amene Hamas inagwira, kumasula akaidi a ku Palestine, kulowetsa malole a chakudya. Za malire ndi za Jerusalem sanazikhudze. Zokambirana zenizeni zomaliza zinali zija anatsogolera John Kerry, nduna ya zakunja ya America pa nthawiyo, kuyambira Julayi 2013 mpaka Epulo 2014, miyezi 9, ndipo zinathera m'malere.

Tsono ine ndimati chofunika kuposa zonse n'chakuti anene poyera kumene ulendowo ukukathera, asananyamuke. Apa m'pamene pangano la Oslo linaphonya. Mu 1993 Yitzhak Rabin wa Israel ndi Yasser Arafat wa Apalestina anagwirana chanza ku White House, n'kugwirizana za nyengo yongoyembekezera ya zaka 5. Nkhani zolemera zonse, Jerusalem, othawa kwawo, midzi ya Aisraeli, malire, chitetezo, anati tidzaziona kutsogolo. Mu 1995 anadula West Bank m'zigawo zitatu, A, B ndi C. Chigawo C, chomwe ndi pafupifupi 60 peresenti ya dera lonselo, chinatsala m'manja mwa Israel, amvekere chiziperekedwa pang'onopang'ono. Zaka 5 zija lero zadutsa 30. Nthawi ya Oslo, Aisraeli okhala m'midzi ya ku West Bank anali cha m'ma 110,000. Lero apitirira 500,000, osawerengera ena oposa 200,000 a kum'mawa kwa Jerusalem. Muganize abale awiri olimbirana munda, agwirizana kuti mfumu idzagamula chaka chamawa, koma mmodzi akuumba njerwa ndi kuthira maziko m'munda momwemo. Winayo apitenso kubwalo kukatani?

Komatu si kuti mathero akewo ndi osadziwika ayi, analembedwa kale. Chigamulo 242 cha United Nations cha 1967 chimanena za kubweza malo amene Israel inalanda pa nkhondo ya chaka chimenecho posinthana ndi mtendere. Mu Disembala 2000 Bill Clinton anaika manambala: 94 mpaka 96 peresenti ya West Bank ipite kwa Apalestina, awonjezeredwenso malo pang'ono kuchokera ku Israel, ndipo ku Jerusalem madera a Aluya akhale a Palestine, a Ayuda akhale a Israel. Mu 2008 Ehud Olmert, nduna yaikulu ya Israel pa nthawiyo, ankafuna kutenga 6 peresenti ndi kanthu n'kubweza malo ocheperako pang'ono. Mbali ya Mahmoud Abbas, pulezidenti wa Apalestina, inkalola pafupifupi 2 peresenti. Mwaona? Mkangano unafika pa manambala ndi mapu. Ntchito ya ankhoswe ndi kutenga zimenezi, kuzilemba pa tsamba limodzi, mbali zonse zisayine kuti tikuyambira apa, osati kuyambanso kufunsana ngati dziko la Palestine liyenera kukhalapo.

Zikatero, kumanga kuime. Tsegulani mapu pa foni yanuyo. Ramallah ili kumpoto kwa Jerusalem, Bethlehem kum'mwera. Kum'mawa kuli tauni ya Aisraeli ya Ma'ale Adumim, ndipo pakati pa iyo ndi Jerusalem pali timapiri touma totchedwa E1, masikweya kilomita 12 okha. Mu Ogasiti 2025 boma la Israel linavomereza nyumba pafupifupi 3,400 pamenepo. Kamalo kochepa, koma pakamangidwa, kumpoto ndi kum'mwera kwa West Bank kwadukana pakati, ndipo kum'mawa kwa Jerusalem kwatsekeka. Kuimitsa kumanga kunayesedwapo: kumapeto kwa 2009 Benjamin Netanyahu analengeza miyezi 10. Koma Jerusalem sinali m'gulumo, nyumba zimene zinali zitayamba kale zinapitirira, ndipo Apalestina anafika pa tebulo mu Seputembala 2010, mwezi wotsiriza. Nthawi itatha, zokambirananso zinatha. Ndiye ulendo uno pafunika kulemba momveka: kuima kuti ndi kuti, mpaka liti, ndipo awerenge maziko atsopano ndani.

Kenaka funso limene ambiri amalizemba: akuyankhulira Apalestina ndani? Abbas anasankhidwa mu 2005, ndipo chisankho cha pulezidenti sichinachitikenso. Cha aphungu chinali mu 2006, Hamas n'kupambana, ndipo mu 2007 inalanda Gaza. Fatah, chipani cha Abbas, ndi Hamas asayinirana mapangano ku Mecca, ku Cairo kangapo, mpaka ku Beijing mu 2024, koma zimagwa pa zinthu ziwiri zomwezomwezo: mfuti asunge ndani, malipiro a ogwira ntchito m'boma apereke ndani. Za malipirozi, amalume, musazione zazing'ono. Pangano la Paris la 1994 limati katundu wa Apalestina akafika pa madoko ngati Ashdod ndi Haifa, msonkho amatolera ndi Israel, n'kumautumiza ku boma la Apalestina la ku Ramallah mwezi ndi mwezi. Ndalama zimenezo ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu a zonse zimene bomalo limapeza. Nduna ya zachuma ya Israel, Bezalel Smotrich, yakhala ikuzigwira, aphunzitsi ndi apolisi n'kumalandira malipiro odukaduka. Ndiye wapolisi amene kwawo ufa watha mukamuuze akalande mfuti kwa zigawenga? Kumasula ndalamazo n'kosavuta kuyerekeza ndi zina zonse, ndipo ndi chimene mkhalapakati wanzeru angayambe kukakamira sabata yoyamba. Boma la ku Ramallah nalonso liyenera kukonza m'nyumba mwake, za katangale, ndi kuika tsiku la chisankho, apo ayi chilichonse chimene angasayine anthu ake adzati si chathu.

Mbali ya Israel nayo ili ndi mantha enieni, ndipo wowanyozera sapita patali. Mu 2005 Ariel Sharon, nduna yaikulu ya Israel pa nthawiyo, anachotsa midzi 21 ku Gaza, anthu pafupifupi 8,000, popanda pangano ndi aliyense. Zotsatira zake zinali maroketi, kenaka chiwembu cha Hamas cha pa 7 Okutobala 2023, pamene anthu pafupifupi 1,200 anaphedwa ndipo ena cha m'ma 250 anatengedwa. Wovota wa ku Tel Aviv amafunsa kuti tikachoka ku mapiri a West Bank, amene ali pamwamba pa bwalo lathu la ndege, sizidzabwerezeka? Chigamulo 2803 cha Novembala 2025 chinaloleza gulu la asilikali a mayiko osiyanasiyana ku Gaza, koma mfundo yothina ndi yakale ija: Israel ikuti tulani zida kaye tichoke, Hamas ikuti chokani kaye. Ndondomeko ya 2003 ija ankaitcha Road Map inafera pomwepa, aliyense kudikira mnzake, popanda woyimba wezulo. Njira yake ndi kuduladula: zida zikuluzikulu ndi ngalande za pansi za dera lakuti zikaperekedwa, asilikali abwerere mpaka mzere wakuti, wina wapadera atsimikize, kenaka sitepe ina. Ndipo pamafunika kudekha. Ku Northern Ireland pangano linasayinidwa mu 1998, koma gulu la IRA linamaliza kutula zida mu 2005, pamaso pa bungwe lapadera lotsogozedwa ndi John de Chastelain wa ku Canada.

Za Britain, France, Canada ndi Australia kuvomereza dziko la Palestine mu Seputembala 2025, zili ndi tanthauzo lake, koma sizichotsa chipata cha asilikali ngakhale chimodzi pamsewu wa ku Nablus. Amene wagwira chinthu chimene Israel ikuchifunadi ndi Saudi Arabia. Mu 2002 ku Beirut mayiko a Aluya anati bwererani ku malire a 1967, tonse tikhala nanu pa ubale. Mu 2020 United Arab Emirates, Bahrain ndi Morocco anapereka ubalewo osadikira zimenezo. Saudi Arabia yakhala ikunena kuti siitero popanda njira yooneka yopita ku dziko la Palestine. Chipolopolo chimenecho ndi chimodzi, chikawomberedwa posinthana ndi malonjezo a pakamwa, chapita.

Malo opatulika a ku Jerusalem okhawo ndinganene kuti asawagwedeze msanga. Pa Al-Aqsa, pamene Ayuda amati Temple Mount, oyang'anira ndi a Jordan, ndipo pangano lawo ndi Israel la 1994 limavomereza udindo umenewo. Msonkhano wa mbali ziwirizi ku Camp David, ku America, mu 2000 unasweka kwambiri pa funso lakuti mwini wa phirilo akhale ndani. Pakadali pano bola dongosolo lakalelo lisungidwe monga liliri, makamaka nyengo ya Ramadan ikayandikana ndi Pasaka wa Ayuda, chifukwa pakangobuka chipolowe pamenepo, onse amene anali pa tebulo amaitanidwa kwawo tsiku lomwelo.

Voisi yatalika, ndilekeze apa. Mupereke moni kwa azakhali.