Funsani Malume: chithunzichi chikuyenda kapena ndi maso angawa?

Malume, mwana wanga wa sukulu anandionetsa chithunzi pa foni, timabokosi takuda ndi toyera basi, koma nditachiyang'anitsitsa chinayamba kugwedera mpaka chizungulire. Iye akuti ndi luso la zojambula. Kodi maso angawa ayamba kudwala kapena pali zina?
Mayi wa ku Mufakose, Harare

Mayi, mtima m'malo, maso anu ali bwinobwino. Chithunzicho chili phee, amene akuyenda ndi maso anuwo. Diso la munthu silikhazikika olo mutalikakamiza bwanji, limangonjenjemera pang'onopang'ono inu osadziwa, ndiye likamadumpha pakati pa chakuda bii ndi choyera mbee zoyandikana kwambiri, ubongo umangoti chinthuchi chasuntha. Ojambula anaziona zimenezi nkuyamba kuzichita dala.

Mmene mwafotokozeramo ndikuganiza munaona cha Bridget Riley, mayi wa ku London, chotchedwa Movement in Squares cha 1961. Kachiyang'aneninso muone. Timabokosi tam'mbali ndi tatikulu bwinobwino koma timanka tichepa m'lifupi mpaka kungotsala timizere, ndiye pamenepo pamaoneka ngati pepala lapindikira mkati, chonsecho ndi lafulati ngati tebulo. Palibe mthunzi, palibe nkhope ya munthu, muyezo basi, ndipo ine chimene chimandigwira mtima nchimenechi, kuti munthu atenge rula ndi penti yakuda nkukuzunguzani mutu muli chikhalire pa mpando.

Riley asanayambe kunali Victor Vasarely wa ku Hungary, amene mu 1937 anajambula mbidzi ziwiri zopiringizana, osalemba mzere wa thupi ayi, mizeremizere yokha ndi imene ikukuuzani kuti apa msana apa khosi. Tsiku lina mukapite ndi mwanayo ku Mukuvisi Woodlands mukaone mbidzi zitaima pamodzi, muyese kupeza pamene ina yathera.

Zojambula zozunguza masozi amati op art, zinatchuka mu 1965 pa chionetsero cha The Responsive Eye ku New York. Pali zina zoyenda zenizeni, kinetic art, ngati tizitsulo tolendewera ta Alexander Calder totembenuka ndi kamphepo.

Koma musaone ngati nzachilendo kwenikweni. Khoma la Great Zimbabwe lili ndi mzere wa miyala yokhotakhota pamwamba pake, ndipo lichero lomwe mumapetera chimangalo, talitengani mulipendeketse pa dzuwa muone mmene nsungwi zolukanazo zimathamangitsira diso uku ndi uku. Zitenje zina za pa msika wa Mbare nazo ukaziyanika pa chingwe zimachita ngati zikuwira.

Chizungulire cha chithunzi chimatha mukangoyang'ana kumbali. Chikamabwera chokha foni ili m'thumba, kapena ndi mutu wopweteka, pamenepo pitani ku kiliniki akakuyezeni maso ndi BP. Mwanayo mumugulire rula ndi pepala la timabokosi ayese kujambula chake.