Kodi m'chikalata cha gemu yathu tilembe maganizo kapena mfundo?

FUNSO: Aphunzitsi, tilipo anayi ndipo tikupanga gemu ya bawo ya pa foni. Mmodzi amajambula zithunzi, wina amaona za nyimbo, awirife timalemba pulogalamu mu Godot, chida cha pa kompyuta chopangira magemu. Zokambirana zathu zimathera pa WhatsApp, ndipo sabata ikatha sitikumbukanso chomwe tinagwirizana. Tatsegula chikalata mu Google Docs choti tizilembamo zonse m'Chichewa. Zolembedwazo tizitche maganizo, malingaliro kapena mfundo? Nanga gemuyo ndi sewero kapena masewera?

YANKHO: Ndiyambe ndi lachiwirilo, poti ndi lopepuka. Sewero anthu ambiri amalimva ngati chisudzo, monga Sewero la Sabata Ino la pa wailesi ya MBC. Masewera ndi a mpira, bawo, fulaye, phada. Koma inu mwalemba kale "gemu" osaganiza kawiri, ndipo ndi liwu lomwe achinyamata amagwiritsa ntchito. Lisungeni. Chofunika n'chakuti mulipatse agwirizanitsi ake oyenera: gemu iyi, gemu yathu, magemu awiri. "Gemu lathu" ayi.

Tsono pa mawu atatu aja. Lingaliro ndi lija likuzungulira m'mutu mwa munthu ali mu minibasi. Akalibweretsa kwa anzake kuti alione, limakhala ganizo. Anzakewo akalivomera, timati amanga mfundo, ndipo Chichewa chinasankha bwino mawuwa, chifukwa mfundo ndi ija ya pachingwe: ikamangidwa siimasuka yokha, amachita kuimasula. Choncho chikalata chanu chikhale ndi mitu iwiri, Maganizo ndi Mfundo, ndipo kanthu kasamuke kuchoka pa woyamba kupita pa wachiwiri pokhapokha nonse anayi mwavomera. Liwu loti "chiganizo" muliope pang'ono. Atolankhani amalemba kuti boma lapanga chiganizo, pomwe kusukulu chiganizo ndi mndandanda wa mawu wothera pa mpumiro. Mukatsegula mutu woti Ziganizo, wina adzaikamo mawu oti azioneka pa sikirini.

Koma ine ndikuona kuti chomwe chikukusokonezani si mayinawa ayi. Ndi mneni. Azungu akamalemba chikalata chotere, chomwe amachitcha GDD, ena amaika chizindikiro pambali pa mzere chonena ngati chinthucho chatheka kapena chikudikira. Ife chizindikirocho tili nacho kale m'kati mwa mneni. Taonani mizere iyi:

Bwanji foni itamanjenjemera wosewera akadya nkhomo za mnzake?
Foni izinjenjemera wosewera akadya nkhomo za mnzake.
Foni imanjenjemera wosewera akadya nkhomo za mnzake.

Woyambawo ndi ganizo chabe, munthu akungofunsa anzake. Wachiwiri, wa -zi-, ndi mfundo yomangidwa koma ntchito isanagwiridwe: wolemba pulogalamu akauwerenga akudziwa kuti akumudikira ndi iyeyo. Wachitatu, wa -ma-, ukunena zomwe gemu ikuchita lero mukaitsegula. Mukagwirizana kuti aliyense azitsata zimenezi, munthu angathe kudziwa pomwe ntchito yafika pongowerenga mneni, ndipo kusamutsa mfundo kuti ikhale yotheka kumangokhala kusintha mphatikiri imodzi.

Pali msampha pa -ma- woti muudziwe. Poyankhula, "imanjenjemera" ya masiku onse ndi "imanjenjemera" ya kale, yotanthauza kuti inkatero, timazisiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu. Khutu limamva, pepala silimva, chifukwa kalembedwe kathu sikaonetsa mawu okwera ndi otsika. Mnzanu akalemba kuti "kompyuta imayamba kusewera", pofuna kunena zomwe zinkachitika musanasinthe, wina adzawerenga ngati ndi momwe zilili lero, n'kukakonza chomwe sichinawonongeke. Zomwe munachotsa muzizilemba ndi -nka-: "kompyuta inkayamba kusewera". Ndipo musazifufute. Atsegulireni mutu wawo, muutche Zosiyidwa, ndi chifukwa chake m'mzere umodzi. Sindinati zotayidwa, chifukwa chosiyidwa munthu amachibwerera.

Kenaka wosewera ndi osewera. Masiku ano ambiri akulemba "osewera" ngakhale akunena munthu mmodzi, chifukwa m'kamwa w uja amamezedwa. Pocheza palibe wafa nazo. M'chikalata cha gemu n'zoopsa, pakuti mneni sakuthandizani: "akadya" ndi yemweyo, kaya munthu ndi mmodzi kaya ndi awiri. Bawo ili ndi maenje 32 ndi nkhomo 64, ndipo ngati mzere ukuti "osewera ayambe ndi nkhomo 32", wolemba pulogalamu ali ndi ufulu wofunsa ngati ndi aliyense kapena onse pamodzi. Lembani "wosewera aliyense ayambe ndi nkhomo 32", nkhani yatha.

"Kujambula" nako kudzakuyambanitsani, poti muli ndi wa zithunzi ndi wa nyimbo m'gulu limodzi. Timajambula ndi pensulo, timajambula ndi kamera, timajambulanso mawu. Mzere woti "kulira kwa nkhomo kujambulidwe" ukumveka, koma "nkhomo zijambulidwe" aliyense mwa awiriwo adzati ndi ntchito ya mnzake. Tchulani chojambulidwacho: chithunzi cha nkhomo, phokoso la nkhomo. Ena pa za mawu amati kutepa, ndipo ngakhale matepiwo anapita kalekale, liwulo likugwirabe ntchito yake bwino.

Za kalembedwe ndingonena zomwe zingakupwetekeni pofufuza. Kompyuta siidziwa kuti "mau" ndi "mawu" ndi liwu limodzi, kapena "bao" ndi "bawo". Sankhani za w, zomwe ndi zimene ana akuphunzira kusukulu, nonse muzitsatire. Pa mayina a mafayilo, siyani ŵ ndi kachizindikiro ka mu "m'manja" kapena "ng'oma", chifukwa mapulogalamu ena amasokonezeka nazo. M'kati mwa chikalata kalembeni bwinobwino.

Mawu a bawo yeniyeni musawamasulire kuchokera kwina. Kutakata, kudya, nyumba, mtaji: pitani pansi pa mtengo pomwe madoda amasewera madzulo, mukawafunse tanthauzo la liwu lililonse, mulembe pa tsamba loyamba la chikalata. Malamulo a bawo amasiyanako malo ndi malo, choncho mulembenso kuti munafunsa kudera liti.