Ndikongole ku banki kuti ndimange zipinda za lendi?

Funso: Ndine mphunzitsi, ndimakhala ku Chibavi. Ndinagula puloti ku Luwinga kufupi ndi Mzuni (yunivesite ya Mzuzu) ndipo ndikufuna kumangapo zipinda 6 za ophunzira, chilichonse K60,000 pamwezi. Mmisiri akuti pafunika K20 miliyoni. Kodi ndikongole ku banki? Achimwene anga akuti bola ndimange nyumba imodzi n'kugulitsa. Mayi wa ku Chibavi.

Yankho: Mayi, malo munasankha bwino. Chiyambireni kuphunzitsa mu 1999, Mzuni yakula kwambiri, ndipo ophunzira ambiri amagona kunja kwa sukulu. Alendi simudzasowa. Koma ngongole ya K20 miliyoni ndikukuletsani, ndipo tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze chiwongoladzanja cha 25 peresenti pachaka, ngakhale mu 2024 ambiri amalipira kuposa pamenepo. Chaka choyamba ndi pafupifupi K5 miliyoni, kutanthauza K416,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze. Zipinda zanu zonse zitadzaza zikupatsani K360,000. Nanga miyezi ya tchuthi, ana atapita kwawo ku Karonga ndi ku Mulanje? Banki sidziwa tchuthi. Chotsalacho chizichoka pa malipiro anu, ndipo mukalephera, puloti munaika chikole ija ipita. Zimandipweteka kuona mphunzitsi akutaya malo amene anawavutikira zaka zambiri.

Mangani pang'onopang'ono. Yambani ndi chimbudzi, bafa, mpopi wa Water Board ndi zipinda ziwiri. Lendi ya ziwirizo muziphatikiza ndi zimene mumasunga ku SACCO, chachitatu chidzuke. Ngati n'kukongola, kongolani pang'ono, ya malata okha, yoti malipiro anu angathe kubweza ngakhale zipinda zili zopanda munthu. Ndalama ikapezeka musaigoneke, gulani malata ndi zitsulo. Mukukumbukira mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mitengo m'mahadiweya inasintha sabata yomweyo. Simenti yokha musasunge nthawi yaitali, chinyontho cha kuno chimaiumitsa m'thumba momwemo.

Za achimwene anuzo, kumanga n'kugulitsa kumafuna munthu wa ndalama zake amene angadikire wogula miyezi yambiri. Inu simuli pamenepo.

Chimene simunatchule n'chimene chikundidetsa nkhawa: mapepala. Kalata ya amfumu kapena ya amene anakugulitsani siyokwanira mumzinda. Pitani ku ofesi ya za malo konkuno ku Mzuzu mukafufuze ngati pulotiyo ili m'dzina la munthu wina, muyambe za lizi (chikalata cha boma cha malowo), kenako pulani yanu ikavomerezedwe ku khonsolo musanakumbe maziko. Komanso mukaime pa malopo mvula ya mu April ili mkati, muone kumene madzi akudzera. Ngati akudikha, uzani mmisiri akweze maziko ndi kukumba ngalande, ndipo mtengo wake ulowe mu K20 miliyoni ija asanakupatseni chiwerengero chomaliza.