Chithunzi cha pabalaza pa mayi anu chija

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo yomwe ndakhala ndikuiganizira sabata yonse. Akuti: "Pabalaza pa mayi anga pakhala chithunzi cha Mgonero wa Ambuye kuyambira ndili mwana. Posachedwapa mwana wanga wandiuza kuti anachijambula ndi Leonardo da Vinci, ndipo anthu amalipira ndalama kupita ku Italy kukachiona. Ine ndikachiyang'ana ndimangoona anthu 13 ali pa tebulo. Kodi chodabwitsa n'chiyani pa zithunzi za nthawi ya Renaissance? Munthu wosaphunzira zojambula ngati ine angazione bwanji kuti azimve kukoma?"

Mayi, funso lanu landifika pamtima, chifukwa nanenso ndinakulira pansi pa chithunzi chomwecho. Kwa agogo anga chinali pamwamba pa kabati, galasi lake lili ndi timadontho ta ntchentche, kuseri kwa felemu atapanikizako kanjedza wouma wa Lamulungu la Kanjedza. Ndinadya nsima pansi pake zaka zambirimbiri osachiyang'anitsitsa ngakhale kamodzi. Chinthu ukachizolowera, maso amangochidutsa.

Mawu oti Renaissance amatanthauza kubadwanso. Ndi dzina la nyengo yoyambira cha m'ma 1400 kufika cha m'ma 1600, pamene amisiri a ku Italy, makamaka mumzinda wa Florence, anayamba kuphunzira mwakhama thupi la munthu, kuwala, mthunzi ndi momwe zinthu zimachepera zikamapita patali. Zimenezo n'zokwanira kuti tiyambe. Chimene ndikufuna mutenge ndi funso limodzi loti muzilifunsa pa chithunzi chilichonse: kodi wojambulayu waimitsa nthawi pa mphindi iti ya nkhani?

Anthu ambiri amaganiza kuti Leonardo anajambula Yesu akunyema mkate. Yang'ananinso. Iye anasankha kamphindi kotsatira mawu aja a pa Yohane 13:21, pamene Yesu wangonena kumene kuti mmodzi wa iwo adzamupereka. Mawuwo agwa pa tebulo ngati mwala woponyedwa m'dziwe, ndipo chimene mukuona ndi mafunde ake. Yesu ali phee pakati, maso pansi, manja atatambasula pa tebulo. Ophunzira 12 aja agawikana m'magulu anayi, atatuatatu, ndipo palibe awiri amene alandira uthengawo mofanana.

Tsatani manja, musayambe ndi nkhope. Chakumanzere kwanu, Andreya wakweza zikhatho zonse ziwiri ngati munthu amene akukana mlandu pabwalo la mfumu. Petulo wawerama, akunong'oneza Yohane kuti afunse kuti ndani, ndipo dzanja lake linalo lagwira mpeni kuseri, mpeni wokumbutsa khutu la Malikusi lomwe alidule usiku womwewo m'munda. Chakumanja kwa chithunzi, Tomasi waimika chala chimodzi m'mwamba, ndipo ambiri amati n'chala chomwecho chimene adzafune kupisa m'mabala. Yakobo watambasula mikono, pakamwa pali yasa. Amene amandikhudza kwambiri ndi Filipo: waimirira, wadziloza pachifuwa ndi manja onse awiri, nkhope ikuchonderera, ngati akuti, Ambuye, mtima wanga mukuudziwa. Kumapeto kwenikweni, Mateyu nkhope watembenukira kwa Simoni koma mikono yake yaloza kwa Yesu. Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wa banja pamene mawu olemera atuluka mwadzidzidzi amawadziwa manja amenewa.

Nanga Yudasi ali kuti? Apa ndi pamene Leonardo anasiyana ndi amene anamutsogolera. Andrea del Castagno ndi Domenico Ghirlandaio, pojambula mgonero womwewu ku Florence, ankamukhazika Yudasi yekha mbali ina ya tebulo, kuti ngakhale mwana amuzindikire. Leonardo anamusiya pakati pa anzake, pafupi ndi Petulo ndi Yohane. Muyenera kumufunafuna. Ndi uja wabwerera m'mbuyo, nkhope ili mumthunzi, mutu wake uli m'munsi kuposa wa wina aliyense, dzanja lamanja lafumbata kathumba ka ndalama, lamanzere likupita ku chakudya chomwe dzanja la Yesu likupitakonso. Chigongono chake chagwetsa kambale ka mchere. Kwa ine apa ndiye pagona luso lonse. Wopereka mnzake sakhala ndi chizindikiro pamphumi, amadya nawe mbale imodzi.

Chithunzi chenichenicho si cha pa pepala kapena nsalu ayi. Chili pa khoma la chipinda chodyera cha ansembe a chipani cha Dominiko, pa tchalitchi cha Santa Maria delle Grazie mumzinda wa Milan. Ndi chachikulu zedi, mamita 8.8 m'litali ndi 4.6 m'mwamba. Leonardo anachijambula kuyambira cha mu 1495 mpaka 1498, atatumidwa ndi wolamulira mzindawo, Ludovico Sforza. Tangoganizani ansembe aja akudya mwakachetechete, akakweza maso n'kuona kuti chipinda chawo chikupitirira mkati mwa khoma, ndipo pa tebulo lakutsogolo pakhala Yesu. Mizere yonse ya denga ndi makoma a m'chithunzicho imakakumana pamutu pa Yesu. Mukaika lula pa chithunzi cha mayi anu mutsimikiza nokha. Pamalo pomwepo akatswiri anapeza kabowo ka msomali, pomwe Leonardo ankamangapo ulusi poyeza mizereyo. Ndiye chifukwa chake maso anu, ngakhale ayendeyende bwanji, amabwerera pakati.

Matteo Bandello, yemwe ali mnyamata ankakhala pa nyumba ya ansembeyo, analemba zomwe ankaona: masiku ena Leonardo ankakwera pa nsanja m'bandakucha n'kujambula mpaka mdima, osakumbuka kudya. Masiku ena ankangoima maola, kuyang'ana basi, osagwira burashi. Tsiku lina ankabwera, n'kukhudza khoma kamodzi kapena kawiri, n'kumapita.

Kachitidwe kameneka ndi komwe kanadzetsa mavuto a chithunzichi. Njira yodalirika yojambula pakhoma nthawi imeneyo, yotchedwa fresco, inali kupaka utoto pa pulasitala wa laimu asanaume, kuti utoto ulowe n'kuuma naye limodzi. Imafuna changu, ndipo ukalakwitsa umagumula. Leonardo ankafuna kuganiza, kubwerera, kukonza. Choncho anapaka utoto wake pa khoma louma, ndipo khomalo linali lachinyontho. Utoto unayamba kusupuka iye mwini akadali moyo. Mu 1652 eni nyumbayo anaboola chitseko pansi pa chithunzicho n'kudula mapazi a Yesu. Asilikali a ku France a nthawi ya Napoleon anasungiramo akavalo m'chipindamo. Mu Ogasiti 1943 bomba linagwetsa denga ndi mbali ina ya chipindacho, koma khomali linatsala chilili chifukwa anali atalitchinjiriza ndi matumba a mchenga. Pambuyo pake mayi wina katswiri, Pinin Brambilla Barcilon, anatha zaka 21, kuyambira 1978 mpaka 1999, akuchotsa pang'onopang'ono litsiro ndi utoto wa anthu amene anayesa kuchikonza kale. Lero olowamo amalowa m'timagulu, ndipo amapatsidwa mphindi 15 zokha.

Funso lija la mphindi limagwiranso ntchito kwina. Pa denga la katchalitchi ka Sistine Chapel ku Vatican, lomwe katswiri wina wa ku Italy, Michelangelo, anajambula kuyambira 1508 mpaka 1512 atatumidwa ndi Papa Julius II, pali chithunzi cha Mulungu ndi Adamu. Zala zawo sizinakhudzane. Patsala kampata kakang'ono. Mkono wa Mulungu watambasuka ndi mphamvu, pamene dzanja la Adamu lili lende, chala chogwera pansi, ngati cha munthu amene sanadzuke bwinobwino. Michelangelo akanazikhudzanitsa, nkhani ikanatha. Anatisiya tikudikira, ndipo zaka 500 zapita tikudikirabe.

Za Mona Lisa, chithunzi china chotchuka cha Leonardo, ndinena mwachidule. Wojambulidwayo ndi Lisa Gherardini, mkazi wa Francesco del Giocondo, wamalonda a nsalu za silika ku Florence. Leonardo anayamba kumujambula cha mu 1503 pa thabwa laling'ono, masentimita 77 m'mwamba ndi 53 m'mbali. Luso lake lili m'ngodya za milomo ndi maso, momwe mulibe mzere wakuthwa, mthunzi umangosungunukira m'khungu ngati utsi, moti simungatsimikize ngati kumwetulirako kukuyamba kapena kukutha. Koma kutchuka kwake kwakukulu kunabwera ndi wakuba: mu Ogasiti 1911 Vincenzo Peruggia, yemwe anagwirapo ntchito ku Louvre, nyumba yosungira zaluso ku Paris komwe chithunzicho chinkakhala, anachitulutsa, ndipo chinapezeka mu Disembala 1913 ku Florence, nyuzipepala za dziko lonse zitachilengeza kale. Ine ndikanati ndisankhe, ndikanasankha Mgonero uja.

Kanthu kena koti muzikaona ndi mtundu wa buluu wozama pa chovala cha Maria m'zithunzi zambiri za nthawiyo. Utoto wabwino kwambiri wa buluu ankaupanga popera mwala wa lapis lazuli wochokera ku mapiri a ku Afghanistan, ndipo unali wodula koopsa, moti wolipira chithunzi nthawi zina ankalembetsa m'pangano kuchuluka kwake. Ankausungira munthu wolemekezeka kwambiri pa chithunzicho.

Tsono mukapita kwa mayi anu, tsitsani chithunzicho, mupukute galasi, mukhale nacho pakhonde pomwe pali kuwala kwa mphindi 15 zija amapatsidwa a ku Milan. Muyambe ndi manja a Filipo, mupeze mpeni wa Petulo, kenako kathumba ka Yudasi. Pomaliza muyang'ane pansi pa tebulo. Ngati pamalo pa mapazi a Yesu pali chinthu chooneka ngati pamwamba pa chitseko, ndiye kuti chanucho anachitenga ku khoma la ku Milan lenilenilo. Ngati mapazi akuoneka, chinachokera kwa wina amene anakopera, monga Giampietrino, wophunzira wa Leonardo, yemwe kope lake la cha mu 1520 lili m'manja mwa bungwe la zaluso la Royal Academy of Arts ku London ndipo likuonetsabe mapaziwo ndi mchere wotayika uja. Mundilemberenso zomwe mwapeza, ndipo muwafunse mayi anu kuti chithunzicho anachigula kuti, chaka chanji.